Ndikufuna kukathandiza ana ku Cambodia, koma mayi akukana

Funso: "Zikomo achemwali. Ndine mtsikana wa zaka 26, ndimakhala ku Zomba. Ndinamaliza maphunziro a uphunzitsi zaka ziwiri zapitazo koma boma silinandilembe ntchito, ndiye ndimathandiza pa sukulu ya mkombaphala ya ku mpingo kwathu. Mwezi wathawu ndinaona pa Facebook bungwe lina likuitana anthu ongodzipereka kuti akathandize ana amasiye ku Siem Reap, m'dziko la Cambodia. Akuti munthu amalipira madola 900 pa milungu isanu ndi umodzi, iwo n'kumupatsa pogona ndi chakudya. Malume anga a ku Leeds alonjeza kundigulira tikiti. Mayi akukanitsitsa, akuti ndikagulitsidwa. Ine mtima wanga uli pa ana. Kodi moyo wa tsiku ndi tsiku kumeneko ndi wotani? Ndikadya chiyani, ndikagwira ntchito yanji, nanga munthu wakuda amamulandira bwanji?" Wowerenga wa ku Zomba.

Achemwali, khazikani mtima pansi. Ku Cambodia kumakhalika. Ine ndinakhalako zaka zinayi ndikugwira ntchito yoteteza ana, ziwiri ku Phnom Penh ndi ziwiri ku Battambang, ndipo ndinabwerako wamoyo, wonenepa ndi mpunga. Anthu ake ndi ofatsa, olemekeza aphunzitsi kuposa kwina kulikonse kumene ndinafikako. Cholinga chanu n'chabwino. Koma malo amene mwawaona pa Facebook aja sindikukulimbikitsani kupitako, ndipo ndifotokoza chifukwa chake ndisanakuuzeni za chakudya ndi kutentha.

Tiyambe ndi mantha a mayi, pakuti si mantha opanda pake. Mu 2023 ofesi ya United Nations yoona za ufulu wa anthu inatulutsa lipoti lonena kuti anthu pafupifupi 100,000 ku Cambodia ankagwiritsidwa ntchito mokakamizidwa m'malo ochitira umbava wa pa intaneti. Malo otere amatchulidwa kwambiri ku Sihanoukville, ku Poipet ndi ku Bavet. Ambiri anafikako atawerenga za ntchito yokoma pa Facebook kapena pa Telegram, ena mwa iwo anzathu a ku Kenya ndi Uganda. Akatsika ndege amalandidwa pasipoti n'kutsekeredwa mumpanda. Ifenso tinamva kale zimene zinawagwera atsikana athu ku Oman. Ndiye musawaseke mayi. Bungwe lenileni la m'dzikomo limalembetsedwa ku unduna wa za m'dziko, la kunja limakhala ndi mgwirizano ndi unduna woona za maiko akunja, ndipo silichita manyazi kukuonetsani mapepala ake. Mukamva kuti ndalama mutumize ku akaunti ya munthu osati ya bungwe, kapena akukana kuyankhula nanu pa vidiyo muli kuona ofesi ndi antchito ake a Chikhmer (eni dziko la Cambodia), kapena akuti pasipoti adzakusungirani iwo, pamenepo tsekani foni basi.

Tsono tinene kuti bungwelo ndi lenileni ndithu, nyumba ilipo, ana alimo. Vuto likadalipo, ndipo ili ndi limene anthu a mtima wabwino ngati inu salidziwa.

Ana ambiri okhala m'nyumba za ana amasiye ku Cambodia si amasiye. Lipoti la UNICEF ndi unduna woona za chisamaliro cha anthu la mu 2011 linasonyeza kuti pakati pa 2005 ndi 2010 nyumba zoterezi zinachuluka ndi 75 pa 100 iliyonse, ndipo pafupifupi ana atatu mwa anayi alionse anali ndi kholo lamoyo. Kalembera wa mu 2015 anapeza nyumba 406 zosunga ana 16,579. Nkhondo inali itatha kalekale, nanga amasiye onsewa ankachokera kuti? Chimene chinachuluka ndi alendo. Siem Reap ndiye khomo la makachisi a Angkor, ndipo COVID-19 isanabwere alendo akunja oposa 2 miliyoni ankagula matikiti olowera kumeneko chaka chilichonse. Pamene pali mlendo wa chifundo ndi madola m'thumba, wina amatsegula nyumba n'kupita kumidzi kukafuna ana oti aikemo. Amauza mayi wosauka kuti mwana wake akaphunzira Chingerezi, akadya katatu, akavala yunifolomu. Sukulu za boma ndi zaulere pa pepala, koma aphunzitsi ambiri amalipiritsa makalasi apadera otchedwa rien kuo, ngati patitaimu wa kwathu kuno, ndipo mwana wosalipira amatsalira. Mayi uja amavomera misozi ili m'maso, poganiza kuti akumuchitira mwana zabwino.

Ndikuuzeni zimene ndinaona chaka changa choyamba pa nyumba ina imene sindiitchula dzina. Nditangolowa pa geti, kamtsikana ka zaka ngati zinayi kanathamanga n'kudzandigwira chitenje, nkhope n'kuibisa m'miyendo mwangamu, kakunena kuti "mak, mak," kutanthauza amayi. Mtima wanga unasungunuka. Patangopita mphindi khumi kunalowa azungu awiri a makamera, ndipo kamtsikanako kanandisiya n'kuthamangira kwa iwo ndi mawu omwe aja. Madzulo ana onse anavekedwa zovala zonyezimira n'kuvina magule a makolo awo pamaso pa alendo, bokosi la zopereka lili pakhomo. Denga la chipinda chogona linkadontha, ndipo mmodzi mwa ophika anandinong'oneza kuti ndalama zokonzera zinaperekedwa kale kawiri, koma denga lodontha ndi limene limatsegula zikwama za alendo. Chikomekome cha mkuyu. Mayi a kamtsikana kaja tinadzawapeza ali moyo, akugulitsa masamba pa msika wa m'boma lomwelo.

Inu mumagwira ntchito ndi ana a mkombaphala, ndiye mukudziwa kale ichi: mwana wokula bwino pa mayi ake akaona mlendo amathawira kuseri kwa chitenje n'kumasuzumira. Kumeneko ndiko kukhala bwino kwa mwana. Wothamangira aliyense ndi amene wasiyidwa kambirimbiri moti sasankhanso. Munthu wongodzipereka amabwera, amamunyamula, amamuimbira, mwana amamuzolowera, pakatha milungu isanu ndi umodzi tuk-tuk, kanjinga kamoto konyamula anthu, yaima pa geti, wapita. Mawa kwabwera wina. Mlendo ndi mame, ndipo mwana wokula ndi mame okhaokha amavutika kukhulupirira munthu akadzakula. Kafukufuku amene anayamba ku Bucharest, ku Romania, mu 2000 anasonyeza kuti ana ochotsedwa m'nyumba zotere n'kuikidwa m'mabanja akadali aang'ono amakula bwino m'nzeru ndi m'makhalidwe kuposa otsala. N'chifukwa chake bungwe la Friends-International, limene linayamba ku Phnom Penh mu 1994, linakhazikitsa kampeni mu 2011 yonena kuti ana si zinthu zokopa alendo. Chithunzi chake chinali ana atsekeredwa m'bokosi la galasi, alendo atawazungulira ndi makamera. Mu 2018 dziko la Australia linakhala loyamba kuvomereza kuti kutengera ana m'nyumba zotere pofuna phindu ndi mtundu wa ukapolo wamakono. Boma la Cambodia nalo linayamba ntchito yobwezera ana kwa abale awo.

Mukufunsa tsono kuti ndiye musapite? Pitani, koma kumalo kumene ana amabwera masana, madzulo n'kukagona kwa makolo awo: sukulu za m'madera, makalasi a ana akaweruka, malaibulale, malo ophunzitsa luso. Ku Battambang kuli Phare Ponleu Selpak, sukulu ya zojambula, nyimbo ndi masewera a sekasi imene inayambitsidwa mu 1994 ndi achinyamata obwerera kuchokera ku kampu ya othawa nkhondo kumalire a Thailand. Ku Phnom Penh kuli Pour un Sourire d'Enfant, imene inayamba ndi ana otola zinthu pa dzala la Stung Meanchey. Ndatchula awa kuti muone mtundu wa ntchito imene ndikunena. Mabungwe abwino amasankha kwambiri, amafuna munthu wa luso lodziwika amene akhale miyezi itatu, isanu ndi umodzi kapena chaka. Adzakufunsani kalata ya ku polisi yosonyeza kuti mulibe mlandu, ija mumakadinditsa zala n'kukatenga ku Area 30 ku Lilongwe. Adzafuna anthu awiri okuchitirani umboni, adzakufunsani mafunso pa vidiyo, adzakusainitsani malamulo oteteza ana: osakhala nokha ndi mwana m'chipinda chotseka, osajambula ana n'kuika pa intaneti, osapereka mphatso kwa mwana mmodzi. Zikakutopetsani zimenezi muzikondwera. Bungwe limene silikufunsani china koma ndalama ndiye kuti aliyense wa ndalama amalowa, ndi wogwirira ana yemwe.

Tsopano za tsiku lanu. Simudzafuna alamu. Cha m'ma 5 koloko, nthawi zina 4, zimkuzamawu za ku kachisi kapena za pa ukwati kapena pa maliro zayamba kale, ndipo phokoso lake kuyerekeza ndi la usiku wa chinkhoswe ku Ndirande, la ku Ndirande likuchepa. Mukatuluka mupeza amonke a mikanjo ya mtundu wa lalanje akuyenda m'mbali mwa msewu ndi mbale zawo, amayi atagwada kuwapatsa mpunga. Chakudya cha m'mawa anthu amadyera pa msewu, pa timipando tapulasitiki: bai sach chrouk, mpunga wa nyama ya nkhumba yootcha pa makala ndi timinkhaka towawasa, kapena kuy teav, msuzi wa manudulo, kapena phala la mpunga lotchedwa bobor. Khofi amabwera wa ayezi ndi mkaka wa kondensi. Kenako mukwera njinga ya kapalasa kupita ku ntchito. Kumbukirani kuti kumeneko magalimoto amayenda mbali ya kumanja, osati kumanzere ngati kwathu. Sabata yoyamba ndinatsala pang'ono kugundidwa kawiri chifukwa maso anga ankayang'ana kolakwika powoloka.

Sukulu zambiri za boma zimaphunzitsa mosinthana, ena m'mawa kuyambira 7 mpaka 11, ena masana kuyambira 1 mpaka 5. Ndiye pa malo anu ana adzabwera magulu awiri: opita ku sukulu masana amabwera m'mawa, enawo masana. Mukalowa m'kalasi onse aimirira, manja atawagundaniza pachifuwa ngati akupemphera, moni umene amautcha sampeah, n'kukutchulani neak kru, mphunzitsi wamkazi. Wamwamuna ndi lok kru. Tsiku loyamba mudzamva kukoma. Koma dziwani kuti kalasi si lanu. Mwini wake ndi mphunzitsi wa Chikhmer amene analipo inu musanafike ndipo adzatsala inu mutapita. Ntchito yanu ndi kudula makadi a zithunzi, kutchula mawu a Chingerezi kuti ana amve katchulidwe kena, kukhala pansi pa mkeka ndi ana atatu otsalira m'mbuyo, kuchonga makope, kutsogolera kusamba m'manja, kusesa. Masiku ena ntchito yaikulu imakhala kuthandiza mphunzitsi kukonza phunziro la mawa kapena kulemba lipoti la Chingerezi lopita kwa opereka thandizo. Ambiri amakhumudwa nazo chifukwa anabwera ndi maloto onyamula makanda. Ine ndimati ntchito yosaoneka pa chithunziyi ndi imene imatsala.

Chingerezi chawo ndi chathu chimasekana. Iwo amameza mapeto a mawu, "rice" n'kumveka ngati "rai". Ife timawonjezera, n'kukhala "raisi", ndiye pa l ndi r mukudziwa kale mmene timachitira. Ana anga a ku Battambang ankandiyeserera mpaka kugwa ndi phwete. Chikhmer chili ndi zilembo zambiri, makonsonanti okha 33, ndipo simudzachiwerenga pa miyezi itatu. Koma kuyankhula pang'ono n'kotheka: chum reap suor pa moni waulemu, suosdey kwa anzanu, arkun pothokoza. Anthu saitanana maina okha. Wamkulu pang'ono ndi bong, wamng'ono oun, wa msinkhu wa azakhali ming, wa amalume pu, agogo aakazi yeay, aamuna ta. Munthu akakufunsani zaka mutangokumana sakukuchitani chipongwe, akufuna adziwe mokuitanirani. Kwa ife a "achimwene" ndi "achemwali" zimenezi sizivuta, azungu ndi amene amasokonezeka nazo.

Ikakwana 11 koloko dziko limaima. Anthu adya mpunga, amangirira nsalu zogonamo pansi pa nyumba zawo za pa mizati, agona mpaka cha m'ma 1 kapena 2. Musalimbane nazo. Mwezi wa April kutentha kumafika madigiri 40. Ganizirani ku Nsanje mu October, koma mpweya uli wonyowa moti thukuta siliuma, bulauzi imamatirira pa msana tsiku lonse. Nyengo zawo n'zotembenuka: mvula imagwa kuyambira May mpaka October, pamene kwathu kuli chilimwe. Imakonda kubwera masana, ya mphamvu, ola limodzi msewu wasanduka mtsinje wofika m'akakolo, ana akusambiramo, inu mukukankha njinga mutavala chipepala cha pulasitiki. Miyezi yokoma ndi November mpaka January. Gulani krama, kansalu ka mizeremizere kamene aliyense amakhala nako. Ndi chitenje chawo: chopukutira thukuta, chotchingira fumbi, choberekera mwana.

Za chakudya musade nkhawa, koma nsima muiwale. Mpunga ndi m'mawa, masana ndi madzulo, moti kudya kumene amati nyam bai, kudya mpunga, ndipo moni wa anansi ndi kukufunsani ngati mwadya mpunga. Ndiwo zambiri ndi nsomba za m'nyanja ya Tonle Sap ndi mtsinje wa Mekong, msuzi wowawasa, ndi masamba otchedwa trakuon amene ndi pachibale ndi kholowa, ndipo amakoma mofanana. Amok, nsomba yophikidwa ndi mkaka wa kokonati m'tsamba la nthochi, mudzaikonda tsiku loyamba. Prahok, nsomba zothiridwa mchere n'kusungidwa miyezi mpaka zitasasa, mudzayamba mwaithawa chifukwa cha fungo, kenako mudzaisowa ikapanda kuthiridwa. Pa msika amagulitsa nkhululu zokazinga, ndipo ndinkasangalala kuona azungu akutseka maso pamene ine wakulira ngumbi ndikungotafuna. Mango amadya aawisi, kutowa mu mchere wosakaniza shuga ndi tsabola. Sabata yachitatu ndi imene nsima imakupwetekani. Ine ndinanyamula ufa woyera pang'ono, ndinkaphika Lamlungu lokha, kamodzi ndinagawirako aphunzitsi anzanga. Anadya mwaulemu kwambiri, kenako anafunsa ngati mpunga ulipo.

Pa miyambo, zambiri mukuzidziwa kuchokera kwathu: kupereka chinthu ndi manja awiri, kuwerama podutsa pa akuluakulu, kuvala zobisa mapewa ndi mawondo. Zachilendo ndi izi. Mutu ndi wolemekezeka, ndiye chizolowezi chathu chosisita mwana pamutu muchisiye. Mapazi ndi onyozeka, musaloze nawo munthu kapena chifanizo cha Buddha, ndipo nsapato zimatsala pakhomo, ngakhale la kalasi. Mkazi sakhudza mmonke, ngakhale kumupatsira chinthu m'manja. Chachikulu kuposa zonsezi ndi kusachititsa munthu manyazi pagulu. Ndinalakwitsapo. Mphunzitsi wina analemba mawu molakwika pa bolodi, ine ndinaimirira n'kukonza ana akuona. Anamwetulira, anati chaa, amene ndi "inde" wa akazi. Kwa milungu iwiri yotsatira nthawi zonse pankapezeka chifukwa chakuti ndisalowe m'kalasi mwake. Palibe anandiuza kalikonse. Anadzandimasulira ndi mayi wophika, ndipo ndinakapepesa ndi thumba la zipatso. Kumwetulira kumeneko kumatanthauza zambiri, manyazi ndi mkwiyo womwe, ndipo "inde" nthawi zambiri amangotanthauza kuti ndakumvani. Mukakweza mawu, ngakhale muli olondola, mwaluza ndinu.

Muyeneranso kudziwa chimene chili pansi pa kufatsa kumeneku. Kuyambira pa 17 April 1975 mpaka pa 7 January 1979 dzikolo linali m'manja mwa gulu lachikomyunizimu la Khmer Rouge motsogozedwa ndi Pol Pot, ndipo anthu pakati pa 1.5 ndi 2 miliyoni anafa ndi njala, ntchito ya kalavulagaga ndi kuphedwa. Aphunzitsi, madokotala ndi ophunzira ndi amene ankasakidwa. Ndende ya Tuol Sleng ku Phnom Penh inali sukulu ya sekondale, makalasi anawagawa n'kukhala zipinda zozunziramo anthu. Mukapiteko musanayambe ntchito, mukaone mabolodi akadali pa khoma. Agogo amene amabweretsa adzukulu pa geti lanu anadutsa m'zimenezo. Musawafunse. Akafuna adzakuuzani okha tsiku lina mukusenda adyo. Za ndale za lero musayankhulepo, pa Facebook pomwe, ndipo kunyoza mfumu ndi mlandu mwa lamulo la mu 2018. Nkhondo inasiyanso mabomba okwirira, makamaka kumpoto chakumadzulo, ku Battambang, Pailin ndi Banteay Meanchey, ndiye kumidzi muziyenda m'njira zopondedwa kale, ngakhale mukufuna kupatuka kukadzithandiza. Chinandiseketsa n'chakuti ena mwa akatswiri ofufuza mabombawa ndi abwampini, omwe aja anyamata amakumba kumunda kwathu. Bungwe la APOPO limawaphunzitsa ku Morogoro, ku Tanzania, anagwirapo ntchito ku Mozambique, ndipo ku Siem Reap kuli malo kumene mungakawaone. Mmodzi dzina lake Magawa analandira mendulo ya golide mu 2020. Kumalire ndi Thailand kunabuka nkhondo mu 2025, ndiye madera amenewo muwatalikire ndipo mulowe m'dzikomo pa ndege.

Mwafunsa za khungu. Adzakuyang'anani, makamaka kumidzi. Ana adzakupakani chala pa mkono kuti aone ngati mtundu uchoke, adzagwira tsitsi, ena adzakuwa kuti khmau, kutanthauza wakuda. Zambiri ndi chidwi chabe. Koma sindikunamizani: khungu loyera amaliona ngati kukongola, mafuta oyeretsa ali ponseponse ngati pa msika wa Limbe, ndipo makolo ena amakhulupirira kuti Chingerezi chenicheni chili ndi mzungu yekha. Kholo lina linapempha kuti mwana wake asamutsidwe m'gulu langa apite kwa mnyamata wa ku Ulaya wa zaka 19 amene Chingerezi chinali chiyankhulo chake chachitatu. Zinandiwawa masiku angapo. Chimene chinathandiza ndi nthawi. Pakatha mwezi mayi wa pa msika wakudziwani, akukusungirani mango, simulinso khmau koma neak kru. Tsitsi mulukiretu kuno, kunja kwa Phnom Penh oluka tsitsi lathu ndi osowa.

Mukamayenda ku makachisi mudzakumana ndi ana ogulitsa zibangili ndi zithunzi, ndipo usiku mu Siem Reap mayi wobereka khanda adzakupemphani kuti mumugulire chitini cha mkaka pa golosale imene akulozereni yekha. Mkakawo umabwezedwa pa shelefu inu mutangochoka, ndalama n'kugawana. Kugula kwa mwana kumamusunga pa msewu. Gulani kwa akuluakulu.

Pa za umoyo, malungo athu aja si vuto m'mizinda, amapezeka kwambiri kunkhalango. Mdani wanu ndi dengue, yofalitsidwa ndi udzudzu woluma masana, makamaka nthawi ya mvula. Neti yokha sikwanira, muzidzola mankhwala othamangitsa udzudzu m'mawa ndi madzulo. Thupi likatentha mwadzidzidzi, mutu n'kumapweteka kuseri kwa maso, mafupa ngati akuthyoka, imwani panado yekha ndi madzi ambiri, musayerekeze aspirin kapena brufen chifukwa amawonjezera kutaya magazi, ndipo mukayezetse magazi tsiku lomwelo kapena m'mawa mwake. Mukaona magazi m'nkhama kapena m'mphuno, kusanza kosalekeza kapena m'mimba kupweteka kwambiri, thamangirani ku chipatala ngakhale pakati pa usiku. Chiwewe chiliko. Galu, mphaka kapena nyani wa ku kachisi akakulumani kapena kukukandani, tsukani bala ndi sopo pa madzi oyenda kwa mphindi 15, mukabayitse katemera tsiku lomwelo. Institut Pasteur ku Phnom Penh ndi malo odziwika pa zimenezi. Madzi akumwa mugule a m'zigubu za malita 20. Pa njinga yamoto chisoti ndi lamulo lanu lanu, ngakhale anzanu akuseke, chifukwa ngozi za pa msewu ndi zimene ndinaona zikubweza anthu kwawo m'pulasitala. Musanyamuke opanda inshuwalansi yolipira chipatala ndi ndege yokutengerani kunja mukadwala kwambiri. Ulendo wochokera ku Lilongwe nthawi zambiri umadzera ku Addis Ababa kapena Nairobi, maiko a yellow fever, ndiye mubayitse katemera wake munyamule kadi yachikasu ija.

Ndalama yawo ndi riel, pafupifupi 4,000 pa dola imodzi, koma madola a ku America amayenda limodzi nayo. Dola yong'ambika kapena yothimbirira amakana. Ndi mmene ndalama zakunja zikusowera kwathu kuno, yambani msanga, kapena malume azikutumizirani muli komweko. Viza ilipo ya alendo, ya chilembo T, ya masiku 30 imene imawonjezedwa kamodzi kokha, ndi ya chilembo E imene imawonjezedwa kwa miyezi. Bungwe labwino lidzakuuzani yoyenera n'kukupatsani kalata. Malawi alibe ofesi ya kazembe ku Phnom Penh, ndiye pasipoti ikatayika ndi nkhani yaitali. Ijambuleni, makope ena musiyire mayi ndi malume.

Pali nthawi zimene simuyenera kulimba nokha. Mwana akakuuzani kuti wina akumuchita zoipa, kapena mukaona zipsera, kapena munthu wamkulu amene amakonda kutengera mwana mmodzi pambali, musafufuze nokha ndipo musamulonjeze mwanayo kuti musunga chinsinsi. Mvetserani, lembani mawu ake momwe wanenera, mukauze wogwira ntchito yoteteza ana pa bungwepo tsiku lomwelo. Ngati wokayikiridwayo ndi mkulu wa bungwe, pitani kunja: Child Helpline Cambodia pa nambala 1280, kapena a ChildSafe, gulu loteteza ana. Inunso mwini mudziyang'anire. Kusowa kwathu pa mwezi woyamba n'kwachibadwa, koma mukakhala milungu iwiri osagona, osadya, mukungolira, uzani amene akukuyang'anirani ndipo mufune uphungu. Kubwerako msanga si kulephera. Ndipo tsiku limene wina adzakane kukubwezerani pasipoti, uzani malume nthawi yomweyo kumene muli.

Nthawi yawo ili patsogolo ndi maola asanu, ndiye inu mukamagona 9 koloko usiku, nalimata wamkulu akulira pa denga, ku Zomba ili 4 koloko masana, mayi angobwera kumene ku msika. Muziwaimbira nthawi imeneyo. Pakati pa April sukulu zimatseka chifukwa cha Chaka Chatsopano cha Chikhmer, ndipo mu September kapena October pa Pchum Ben aliyense amapita kumudzi kukapereka chakudya ku kachisi pokumbukira makolo. Mnzanu wa ku ntchito akakuitanani kwawo pa masiku amenewa musakane, mukagone pa mkeka pansi pa neti limodzi ndi azakhali ake.

Anawo muwauze tsiku loyamba lomwe mwezi umene mudzachoke, ndipo muulembe pa kalendala ya m'kalasi kuti aziwerenga okha. Musalonjeze kuti mudzabweranso. Sabata yomaliza muzikhala kumbuyo, mphunzitsi wawo ali kutsogolo.

Sabata ino lemberani bungwe lija mafunso atatu: kodi anawo amagona kuti, kodi akufuna kalata ya ku polisi, nanga madola 900 aja amagawidwa bwanji. Mayankho ake muwerenge pamodzi ndi mayi, malume ali pa foni. Akayankha kuti ana amagona pomwepo ndipo mutha kuyamba Lolemba, ndalamazo musunge. Mukamalembera mabungwe ena, musadzichepetse: muli ndi satifiketi ya uphunzitsi ndi zaka ziwiri zophunzitsa ana aang'ono opanda zipangizo, mukupanga zidole za dongo ndi zowerengera za zitsekerero za mabotolo. Zimenezo muziike pa mzere woyamba wa kalata yanu, ndipo mundilemberenso akakuyankhani.